Chipsera cha Nangula

Foni yanga inanjenjemera kachitatu pansi pa tebulo, ndipo bambo anaika foloko pambale.

"Ndi woumba zidole uja?"

"Ali ndi dzina, bambo. Ndi Tobias."

"Pakhomo pano dzina lake ndi woumba zidole."

Linali Lamlungu masana, tsiku limene banja la a Halloran limadyera pamodzi kwathu ku Red Hook, m'Brooklyn, kaya kuzizire chotani. Amayi anali ataphika nyama ya ng'ombe, mbatatesi ndi kabichi. Ine ndine Renata, mwana yekhayo wa a Gus ndi a Bernadette. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, koma ndikakhala patebulo limenelo bambo amandiona ngati kamtsikana kakupulayimale.

Kalekale, ine ndisanabadwe, bambo anajambula ngwazi yotchedwa Nangula, mzimayi wapadoko, wojintcha, wamapewa ngati chitseko, amene amazunguza nangula wa sitima ngati kachikwama n'kumaphwanya naye zigawenga zamumzinda. Nkhope yake sanavutike kuifunafuna. Anangoyang'ana mkazi wawo, amene panthawiyo ankawotcherera zitsulo padoko, n'kumujambula momwe analili, pamodzi ndi chipsera chamoto chochokera pansi pa diso lakumanzere kukafika pachibwano. Manja a bambo atayamba kunjenjemera, ntchito yojambula inagwera ine. Mwezi ndi mwezi kabuku ka Nangula kamatuluka ndi zithunzi zanga.

Koma tisanamizane, timabuku ta makatuni sitidyetsa munthu masiku ano. Otigula ndi ochepa, ambiri a iwo ali ndi imvi kale. Chimene chimasunga antchito athu asanu ndi awiri ndi matisheti, makapu, zikwama za ana asukulu ndi zidole. Chaka chatha kunabweranso kampani ina ya mafilimu ya ku Los Angeles, yofuna kumuika Nangula pakanema. Tobias Marchetti anabwera ndi anthu amenewo. Anamutuma kuti adzakhale muofesi mwathu masiku atatu, aone zojambula zathu kuti aumbe chidole chodzatuluka pamodzi ndi filimu. Masiku atatu aja anali atasanduka miyezi isanu ndi itatu, ndipo ine ndinali nditadziwa kale kuti khofi wake sathira shuga ndiponso kuti akamanama khutu lakumanja limafiira.

"Anthu amenewa ndi nkhupakupa," anatero bambo. "Galu ndife, iwo amangonenepa."

"Nkhupakupa zimenezo n'zimene zagula nyama mukudyayi."

"Renata," anatero amayi, osakweza mawu, maso ali pambale.

Bambo anapisa m'thumba la jekete, natulutsa chithunzi n'kuchiponya pakati pa mchere ndi buledi.

"Ona ntchito ya manja a wokondedwa wakoyo."

Chinali chidole. Zovala zinali za Nangula, nangula wake uja ali m'manja, koma chiuno chinali ngati cha mavu, mikono ngati timitengo ta machesi. Nkhope inali see ngati dzira. Chipsera panalibe. Chithunzicho chinaonetsanso kunsi kwa phazi la chidolecho, pomwe panali zilembo ziwiri zomwe ndinkazidziwa bwino: T.M.

Ndinatola chithunzicho n'kuchiika m'thumba.

"Wakutumizirani ndani?"

"Wina wondifunira zabwino."

"Wofunira mnzake zabwino amalemba dzina."

"Usandizembe iwe! Mnyamata ameneyu anakunyengerera kuti alowe m'nyumba muno, atibere pang'onopang'ono. Lero wafufuta nkhope ya mayi ako, mawa afufuta dzina langa pachikuto. Ukapitiriza naye, undibwezere pensulo yanga."

Ndinaimirira, mpando n'kukhulika pansi.

"Pensulo yanu inatha kalekale, bambo. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano ndikujambula ndi yanga. Ndipo wondisankhira mwamuna sanabadwe."

Amayi anandipeza pakhomo ndikuvala chikhoti. Anandipanikiza m'manja kambale kokutira bwino.

"Ukamupatse, mnyamatayo ndi wowonda kwambiri," ananong'ona. "Ndipo umumvere kaye usanamudye wamoyo."

*

M'sitima yopita ku Queens, kwa Tobias, ndinatsegula mauthenga atatu aja.

*Mwayamba kudya? Ndakusowa.*

*Ndiuze kuti bambo ako sanandiphikire kumodzi ndi kabichi.*

*Renata?*

Ndinayankha kamodzi. *Ndikubwera. Usachoke. Ubise mipeni.*

*

Chipinda chomwe Tobias amaumbiramo chimanunkha dongo ndi penti. Ndinamupeza atapinda malaya m'mikono, tsitsi lili fumbi lokhalokha. Ataona nkhope yanga kumwetulira kunathera panjira. Ndinamumenyetsa chithunzi chija pachifuwa.

"Kana. Ndiuze kuti si iwe."

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Khutu silinafiire.

"Ndine."

"Liti?"

"Miyezi iwiri yapitayo."

"Miyezi iwiri! Miyezi iwiri ukundipsompsona ndi pakamwa pomwepo, ukundigwira ndi manja omwe anafufuta amayi anga?"

"Taima ndikuonetse kanthu."

Anapita pakona, nachotsa nsalu yomwe inaphimba china chake. Anali Nangula weniweni, wamtali kufika m'chiuno mwanga, mapewa ake onse, manja okhakhala, ndipo chipsera chili pamalo pake, mpaka kamzere kaja kamene kamapinda pafupi ndi mlomo amayi akamaseka. Ngakhale ine sindinakajambulepo bwino choncho.

"Ichi n'chimene ndinayamba kuumba," anatero. "Chipsera chokhachi chinanditengera masabata atatu. Candice anachikana."

Candice Whitlock. Ndiye mkulu woona zamalonda a zidole ndi zovala kukampani ya filimu ija. Ndiyenso mkazi amene Tobias anatsala pang'ono kumukwatira zaka zinayi zapitazo. Tobias anandiuza yekha titangoyamba chibwenzi, ndipo ine ndinanama kuti sizikundikhudza.

"Akuti masitolo akuluakulu sangaike pashelefu chidole chachipsera. Akuti ana amaopa. Ndikanakana akanapatsa wina, Renata, ndipo winayo akanamuveka nsapato zagogoda ndi kasiketi."

"Ndiye unaona kuti bola umuphe wekha, mwaulemu?"

"Ndinaganiza kuti ndipeza njira ndisanakuuze."

"Unaganiza. Iwe ndi Candice, awiriwiri, chitseko chotseka, mukuyeza chiuno cha amayi anga."

"Usalowetse zimenezo. Za ine ndi Candice zinafa."

"Zakufa sizitumiza zithunzi kwa bambo anga."

Ndinaona kuti nayenso anali asanaganize zoti wotumiza angakhale ndani. Anatambasula dzanja kuti andigwire paphewa, ine n'kubwerera m'mbuyo.

"Mgwirizano wathu umanena poyera," ndinatero. "Maonekedwe a Nangula sasintha popanda siginecha ya mwini wake, munthu wa banja la Halloran. Kamuuze bwana wakoyo kuti yanga sadzaiona."

Ndinaika kambale kaja patebulo, pakati pa timipeni take tosemera.

"Amayi akuti ndiwe wowonda. Amayi omwe wawafufutawo."

Sindinacheuke potuluka. Ndinakalirira pamasitepe, pomwe sakanandimva.

*

Lachitatu m'mawa kunabwera uthenga wa nambala yachilendo. *Tidye limodzi nkhomaliro, akazi okhaokha. Candice.*

Ndinapita. Munthu suthawa galu usanaone kukula kwa mano ake.

Anasankha lesitilanti ya ku Manhattan komwe mbale zimakhala zazikulu, chakudya kachepechepe. Anali wokongola, zimenezo sindingamumane. Anandipsompsona m'masaya onse awiri ngati tinakulira limodzi.

"Mchemwali, tilankhule ngati anthu akuluakulu. Timabuku tanu ndimatilemekeza. Koma ndi nazale chabe, munda ndi ife. Filimu imodzi imagulitsa zidole zambiri kuposa timabuku tonse tomwe bambo ako anasindikizapo chibadwire. Ndipo filimu sijambulidwa mabwana asanaone kuti zidole zigulika. Ukumva? Popanda chidole palibe filimu. Popanda filimu, Khirisimasi isanafike mwatseka ofesi."

"Nazale ikauma mudzabzala chiyani?"

Anaseka. "Nazale zilipo zambirimbiri, wokondedwa. Mumzinda uno aliyense ali ndi ngwazi yake m'dirowa."

Anatulutsa pepala m'chikwama, naliyala bwinobwino patsogolo panga, cholembera pamwamba.

"Loweruka pachionetsero tikuvundukula chidole pamaso pa anthu ndi makamera. Bambo ako ndi mwala, sindinataye nawo nthawi. Koma iwe uli ndi nzeru. Tobias amatero."

"Amatero liti?"

"Timagwira ntchito limodzi, timacheza." Anapukuta milomo ndi kansalu. "Ndikuchenjeze monga mkazi mnzako. Tobias amakonda tinthu tosweka. Amatitola, n'kutimata, n'kutipenta. Akamaliza amatopa nato. Ine ndinamuona akutopa ndi zambiri."

"Kuphatikizapo iwe."

Kansalu kaja kanaima pakamwa.

"Ndiwe unatumiza chithunzi kwa bambo," ndinatero.

"Munthu wamkulu ngati uja sayenera kunamizidwa."

Ndinatola cholembera. Maso ake anawala. Pamzere wosayinapo ndinajambula nkhope ya Nangula, mofulumira monga ndimachitira ana akandipempha, ndipo pomaliza ndinakoka mzere wa chipsera mwamphamvu mpaka pepala linabooka.

"Siginecha yanga ndi imeneyo. Chakudyachi ulipire ndiwe, poti munda ndi wako."

Ndinkayembekezera kuti akalipa. Iye anangopinda pepalalo, akumwetulira.

"Tionana Loweruka, mchemwali."

*

Tobias anatumiza mauthenga khumi ndi anayi m'masiku asanu. Ndinawawerenga onse, ena kawiri. Sindinayankhe ndi umodzi womwe.

*Ndinalakwa kukubisira. Sindikudziikira kumbuyo.*

*Nyama ija ndadya. Uwathokoze amayi.*

*Ndikudziwa kuti ukuwerenga. Timizere tikusanduka tabuluu.*

Lachisanu masana ndinamva phokoso pansi, pakhomo la ofesi. Bambo ndi ine tinali tisanalankhulane chichokereni Lamlungu, koma mawu awo ankamveka mpaka pamsewu. Ndinatsika masitepe pang'ono n'kusuzumira. Anali atatsekereza khomo ndi thupi lawo lonse, Tobias ali panja, mvula ikumunyowetsa.

"Pano sitigula dongo, mnyamata."

"Sindinabwere kudzagulitsa, bambo Halloran. Ndabwera kudzapepesa."

"Wapepesa. Njira ndi imeneyo."

"Sindinamalize. Ndikatha kupepesa ndidzabweranso kudzapempha mwana wanu."

Bambo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kuseka kuseka kopanda mano.

"Chiwindi uli nacho. Nzeru ndiye unasiya kwanu. Ukudziwa chimene chipsera chija chimatanthauza? Ndinajambula mkazi wanga anthu onse akundiuza kuti palibe angagule ngwazi yopsa nkhope. Tinagona ndi njala, koma sindinafufute kadontho n'kamodzi komwe. Iwe anangokulozera kachikwama, pomwepo wafufuta."

"Mukunena zoona."

"Usandivomereze! Ndikufuna kukangana nawe!"

Apo m'pamene ndinatsika.

"Ngati pali wopempha ine, apemphe ine," ndinatero. "Bambo sayankha m'malo mwanga. Ndipo yankho la lero ndi ayi."

Tobias anapukuta madzi kumaso. "Nanga la mawa?"

"Mawa ndi Loweruka. Uli ndi chidole choti ukaonetse."

"N'chimene ndabwerera. Mawa mukakhale kutsogolo, nonse. Mubwere ndi amayi. Ndikupempha chimenecho chokha."

"Kuti akaone momwe wawakongoletsera?" anakuwa bambo.

"Mungobwera," anatero, akuyang'ana ine. Khutu lake linali loyera ngati pepala.

*

Amayi sakonda zionetsero. Chaka chilichonse amapeza chifukwa: bondo, mutu, mlendo. Ulendo uno tinawakakamiza tonse awiri, bambo chifukwa ankafuna mboni pomwe azikanyoza anthu a filimu, ine chifukwa cha khutu lija. Anavomera mochedwa, navala mpango wawo wobiriwira n'kuukokera kutsaya.

Holo inali yodzaza thothotho. Anthu anavala ngati ngwazi zomwe amazikonda, ena ndi mapiko a makatoni, ena atadzipaka thupi lonse. Ndinawerenga akazi asanu ndi anayi ovala ngati Nangula, aliyense atajambula chipsera patsaya ndi penti yofiira. Mmodzi anali pampando wamatayala. Wina anali ndi chipsera chenicheni pakhosi, ndipo anandigwira dzanja.

Candice anakwera pansanja atavala zoyera. Analankhula za filimu, za masitolo zikwi zitatu omwe akudikira, za Nangula watsopano wa m'badwo watsopano. Pambali pake panali tebulo, china chake chitaphimbidwa ndi nsalu yakuda. Kumbuyo kwake kunali chinsalu chakanema chachitali ngati nyumba yosanja.

"Ndiitane mmisiri wathu, Tobias Marchetti, atisonyeze ntchito ya manja ake!"

Tobias anatulukira atavala jekete yomwe sinkamukwana bwino. Anagwira nsonga ya nsalu. Bambo anapinda manja pachifuwa. Ine ndinatseka maso, kenaka ndinadzikakamiza kuwatsegula.

Nsalu inagwa.

Mapewa ngati chitseko. Manja okhakhala. Ndipo pachinsalu chachikulu chija, chipsera, chotalika kuposa munthu, kuchokera pansi pa diso mpaka pachibwano.

Holo inaphulika. Anthu anaimirira pamipando, akuliza malikhweru, akuponda pansi. Candice anauma ngati chidole iyemwini. Tobias anamulanda maiki m'manja.

"Anandituma kuti ndiumbe china," anatero. "Ndinachiumba, ndipo ndikuchita nacho manyazi. Akuti ana amaopa nkhope iyi. Kodi mukuiopa?"

"Ayiii!"

"Nkhope iyi si yopeka. Mwini wake ali pano. Mayi Bernadette Halloran, amene anawotcherera sitima padoko la mzinda uno zaka khumi ndi ziwiri. Nangula weniweni ndi awo!"

Analoza mzere wathu. Makamera onse anatembenuka. Mpango wa amayi unali utatsetserekera paphewa, ndipo nkhope yawo inadzaza chinsalu chonse, makwinya alionse, kamzere kalikonse. Anthu anayamba kuimba dzina. "Na-ngu-la! Na-ngu-la!"

Bambo ankaomba m'manja misozi ikutsikira m'ndevu. Ine sindikudziwa kuti ndinakwera bwanji pansanja. Ndinangozindikira ndamugwira Tobias pakolala ya jekete yoipa ija, ndikumupsompsona pamaso pa anthu onse.

"Ntchito yakuthera, chitsiru iwe," ndinamunong'oneza.

"Ndikudziwa. Yankho la lero?"

"Undifunsenso tikatsika."

*

Kuseri kwa nsanja kunali kakhonde kopapatiza, kodzaza makatoni a matisheti. Tinakumana onse mmenemo. Bambo anafika akupuma wefuwefu, amayi ali pambuyo pawo. Anamuyang'ana Tobias kanthawi, kenaka anamumenya paphewa mpaka anadzandira.

"Udakali woumba zidole. Koma Lamlungu ubwere kudzadya. Usachedwe, kabichi sadikira munthu."

Ndinagwira dzanja la Tobias. Ndinaganiza kuti nkhondo yatha.

Candice analowa pang'onopang'ono, alonda awiri ali kumbuyo kwake. Sanali kulira, sanali kukalipa.

"Tobias, ntchito yatha kuyambira pano, upereke chiphaso kwa anyamatawa. Maloya athu akupeza Lolemba. Waba katundu wa kampani, waphwanya mgwirizano pamaso pa makamera."

"Mgwirizano uti?" anaseka bambo. "Mtsikana iwe, wophwanya ndiwe. Unafuna kusintha nkhope popanda siginecha ya a Halloran. Ine sindinasayine. Mwana wanga anakubooletsa pepala. Kauze maloya akowo akagone."

"A Halloran alipo angati, bambo?"

Candice anatsegula chikwama, natulutsa pepala lina, losabooka. Analikweza kuti tonse tione. Pamzere wapansi panali zilembo zopendekera zomwe ndinaziona moyo wanga wonse pamakalata a kusukulu ndi pamakadi a tsiku lobadwa. *Bernadette M. Halloran.* Tsiku losayinira: Lachinayi.

"Zabodza izi!" anakuwa bambo. "Wakopera! Bernie, muuze kuti..."

"Ndinasayina ndine," anatero amayi.

Kunja anthu ankaimbabe dzina lija.

"Anakuopsezani, amayi?" ndinafunsa. "Anakuuzani zoti titseka ofesi?"

"Sanandiopseze. Ndinamuimbira ndekha foni."

Amayi anachotsa mpango, naupinda kanayi monga amapindira nsalu yapatebulo.

"Sabata yonse mwakhala mukumenyanirana nkhope yanga. Iwe Gus, iwe Renata, mnyamatayu, mtsikanayu. Ndani mwa inu anabwera kudzandifunsa? Ndani?"

Amayi anapitiriza.

"Moto unandiwotcha ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Ndinatha chaka osayang'ana pagalasi. Iwe Gus unandijambula, unati ndine wokongola, ndipo ndinakukonda nazo. Chaka choyamba ndinasangalala. Kenaka ndinadzipeza pamakapu. Pamasokosi. Pamakabudula amkati a ana. Ndikapita kukagula mkaka, munthu wosamudziwa amandipempha kuti akhudze tsaya langa. Kumaliro a mchemwali wanga, wina anandijambula ndikulira. Ndinakhala chete chifukwa chipsera chimenechi n'chimene chimatidyetsa. Koma ine si ngwazi. Ndine mzimayi amene anapsa kuntchito."

"Bernie, bwanji sunanene?"

"Ukanamva? Iwe ukayamba kulankhula za Nangula umamva munthu?" Anatembenukira kwa ine. "Nditaona chithunzi chija patebulo Lamlungu, kamtsikana kosalala kaja, mtima wanga unati myaa koyamba m'zaka makumi atatu ndi zisanu. Ndinati filimu ikatuluka dziko lonse lidzadziwa nkhope ya kameneka, ine adzandisiya. Ndidzakalamba ndili Bernadette."

Tobias anatembenukira kwa amayi. "Mayi, ine ndimaganiza kuti ndikukulemekezani."

"Nawenso umaganiza." Amayi anamuyandikira mpaka anatsala pang'ono kugundana. "Ndinakukonda, mnyamata iwe. M'nyumba monse ndine ndekha ndinkakuikira kumbuyo. Lero wandipachika pakhoma lalitali ngati tchalitchi, wauza dziko lonse dzina langa. Pofika madzulo ndikhala m'foni ya munthu aliyense. Unandipempha?"

"Ayi, mayi."

"Mwamuna wanga wakuitana Lamlungu, koma wophika ndine ndipo khomo ndi langa. Usadzapondepo." Kenaka anandiyang'ana, maso ali ouma. "Iwe ndiwe wamkulu, unanena wekha kuti wokusankhira sanabadwe. Sankha. Koma ukapita naye, mbale yako sindiika."

Anavala mpango, nalowera kukhomo lakumbuyo. Bambo anayang'ana ine, anayang'ana Tobias, pakamwa pali yasa, kenaka anathamangira mkazi wawo akuitana dzina lake.

Mlonda mmodzi anavula chiphaso m'khosi mwa Tobias. Mnzake anamugwira pachigongono n'kuloza khomo lina, lakumanzere.

"Pita kwa amayi ako," anatero Tobias, akuyesa kumasula zala zake m'dzanja langa. "Ndalakwa ndine. Pita, Renata."

Sindinamusiye. Sindinasunthenso. Khomo lomwe amayi anatulukira linali likugwederabe.

Candice anatseka chikwama chake, nakonza kolala ya diresi yake yoyera.

"Uganize msanga, mchemwali," anatero mokoma. "Kunjaku kuli atolankhani makumi atatu, ndawauza kale kuti mmodzi wa a Halloran anasayina. Akufuna dzina. Uwauza wekha kuti ndi mayi ako, kapena ndiwauze ine?"